Phapo Langa Lakumanzere

Lachiwiri, 10 Juni

Kwacha ndi mvumbi. Pawindo la pafupi ndi bedi langa ndikungoona nkhungu ndi nsonga ya mtengo umodzi wonyowa. Madzi akudontha kuchokera padenga n'kumagwera pa chitini china kunjako, tho, tho, tho. M'kati muno mukumveka kangolo ka mankhwala kamene gudumu lake limodzi limalira ngati mwanapiye, ndiponso anthu akutsokomola, aliyense ndi mawu ake. Wina akukolopa m'khonde.

Achemwali andibweretsera kope ili kuti ndizikoperamo zimene anzanga akuphunzira kusukulu. Ndilibe mnzanga woti n'kundibwereka zolemba zake, ndiye ndizilembamo za muno.

Ndakhala ndikutsokomola kwa masabata angapo, koma ndinkatsokomolera m'pilo kuti amayi asamve. Amayi amachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo amafika kunyumba atatheratu. Dzulo ndinagwa m'kalasi. Adokotala akuti ndi chibayo chimene chakhalitsa, mafinya adzaza pakati pa nthiti ndi phapo lakumanzere, ndipo phapolo lafinyika. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, n'kulowetsa chubu pakati pa nthiti. Chubucho chikutsikira m'chigubu chimene chili pansi pa bedi. Mankhwala opha tizilombo akulowera m'dilipi m'mawa, masana ndi madzulo.

Zimene zikutuluka m'chubumo sindikufuna kuzilemba.

Lachitatu, 11 Juni

Kupuma kulikonse kukukhala ngati wina akundilasa ndi singano yosokera matumba.

Amayi abwera madzulo ndi nthochi ndi nsalu yawo yakale yobiriwira. Anesi atadutsa, amayi andimanga nayo chifuwa mothina bwino, pansi pa malaya, molambalala chubu. Ululu unachepa nthawi yomweyo.

"Ugone phee," anatero. "Usamatsokomole, ungang'ambe balalo. M'mawa uzimasula adokotala asanafike, angatinene."

Ndawathokoza. Usiku uno ndigona tulo koyamba chibwerereni.

Lachinayi, 12 Juni

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono, ndiye ndilembe za anansi anga.

Kumanja kwanga kuli Kondakitala. Anagwa pachitseko cha basi ikuyenda, n'kuthyoka mwendo ndi nthiti. Pakamwa pake sipatsekeka. Amati wodi ino ndi basi yake, ife ndife okwera, anesi ndi apolisi a pamsewu. Ine wandipatsa kale dzina, akuti Kachetechete.

Kumanzere kuli Atelala, agogo owonda kwambiri, ndi timachubu ta okosijeni m'mphuno. Mapapo awo anatha ndi fodya, amatero okha. Tepi yawo yoyezera zovala siichoka m'khosi, ngakhale pogona. Salankhula zambiri chifukwa mawu amawathera mpweya, koma maso awo amayeza aliyense wolowa, kuyambira paphewa mpaka kuchidendene.

Masana kunabwera mayi wamfupi wovala nsapato zamasewera. Anthu muno amawatchula Madamu a Mafizo. Ntchito yawo ndi yophunzitsa thupi kugwiranso ntchito. Anaika dzanja pamimba panga.

"Ukupumira pakhosi ngati mbalame," anatero. "Kankha dzanja langali ndi mimba."

Ndalemba zimene andiphunzitsa kuti ndisaiwale. Kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, mimba ikwere, kenako nthiti zitambasuke. Kuugwira kanthawi. Kuutulutsa ndi milomo yosongoka ngati munthu woziziritsa tiyi, motalika kuposa mmene unalowera. Akuti zina mwa izi anaphunzira kusukulu ya ntchito yawo, zina kwa anthu ochita yoga, amene amaphunzira kupuma ngati mmene ife timaphunzirira masamu.

Kenako anandipatsa botolo la madzi osadzaza, muli kapaipi. Ndiziuzira m'kapaipimo motalika kuti madzi abwate. Akuti madziwo amakankha mpweya kubwerera m'mbuyo, ndipo tinjira tam'phapo timene tatsekeka timatseguka. Ndizichita kangapo pa ola lililonse ndikakhala maso, kenako nditsokomole mwamphamvu.

Ndinauzira. Botolo linalira bwububububu, wodi yonse kumva.

"Aise, Kachetechete walankhula!" anakuwa Kondakitala. "Koma mawu ake atulukira khomo lakumbuyo!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mabala awo. Pa bedi lakutsogolo panali mtsikana wovala yunifolomu amene anadzaona bambo ake. Nayenso anaseka, atatseka pakamwa ndi dzanja.

Ndaika botolo kuseri kwa kabati.

Lachisanu, 13 Juni

Kutentha kwa thupi kwatsika pang'ono. Kachipangizo kopana pachala kakuonetsa kuti mpweya m'magazi ukadali wochepa.

Botolo sindinalikhudze. Madamu atafunsa ndinangogwedeza mutu, iwo n'kuganiza kuti ndavomera.

Amayi aliona madzulo. "Munthu akudwala chifuwa, iwo n'kumamupatsa zidole? Zisiye izo, upumule."

Nsalu ija tsopano ndikumadzimanganso ndekha masana, adokotala akangotuluka.

Lamlungu, 15 Juni

Tsiku la alendo ambiri. Wodi yanunkhira malalanje ndi mazira owiritsa. Mkazi wa Kondakitala wabweretsa mpunga wambiri ngati wa anthu asanu, ndipo Kondakitala waugawa bedi ndi bedi uku akuitanira ngati ali pa siteji. Nanenso wandipatsa. Ndadya, ngakhale ndikadali wokwiya naye.

Achemwali abwera ndi buledi ndi buku la sayansi. Ndatsegula pa chithunzi cha mapapo. M'bukumo onse awiri ndi ofanana, ofiirira bwino, ngati sanadwalepo.

Alendo atapita, Atelala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mdzukulu," anatero, akupumira pakati pa mawu, "malaya akowo... sakukhala bwino. Uku akuyenda... uku angoti njo. Pansi pakepo pali chiyani?"

Ndinati palibe. Iwo anangokweza nsidze. Munthu amene wayeza zifuwa za anthu moyo wake wonse sungamunamize ndi malaya.

Lolemba, 16 Juni

Andijambulanso m'chifuwa. Adokotala anakweza chithunzicho pawindo, amayi ali pomwepo chifukwa lero sanapite kuntchito. Kumanja kunali kwakuda, akuti ndiye kwabwino, ndi mpweya umenewo. Kumanzere kunali koyera ngati nkhungu ya tsiku lija.

"Mankhwala akugwira ntchito yake, chubu chikugwira yake," anatero adokotala. "Koma phapo silikutambasuka, ndipo limeneli sitingalitsegule ndi jakisoni. Likakhala lofinyika nthawi yaitali limamera chikhungwa cholimba. Zikatero timayenera kukachisenda ku fiyeta. Tijambulanso sabata yamawa. Likapanda kusintha, tichita opaleshoni."

Amayi anagwira chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera.

Bambo analowa ku fiyeta ine ndili wamng'ono, anali ndi vuto la m'mimba. Amayi anapita nawo kuchipatala ali awiri, n'kubwerera okha atanyamula nsapato za bambo m'jumbo. Kunyumba mawu akuti opaleshoni sititchula.

Pochoka amayi andimanga nsalu ija mothina kuposa masiku onse.

Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 17 Juni

Madamu a Mafizo abwera nthawi imene sindimawayembekezera. Anati ndikweze malaya aone mmene nthiti zikuyendera. Ndinakweza. Nsalu yobiriwira ili mbee.

Sanakalipe. Anaimasula pang'onopang'ono, n'kuipinda, n'kufunsa kuti amayi amabwera nthawi yanji. Kenako anapisa dzanja kuseri kwa kabati n'kutulutsa botolo. Kapaipi kanali kouma.

"Ili nalo ukulisungira alendo?" anafunsa.

Ndinawauza zoona, kuti limachita phokoso.

"Ndiye iwe ukusankha mpeni kusiyana ndi kusekedwa?"

Kondakitala anali atatembenukira kukhoma, ali chete koyamba chibwerereni.

Madamu anaweruka koma sanapite kwawo. Anadikira amayi, atakhala pa kampando pafupi ndi bedi langa, chikwama chili pamiyendo.

"Mayi, nsalu iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga. Mwanayu ndi wanganso."

"Zoona. Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Yochapa."

"Malaya onyowa mukawapinda n'kuwasiya m'beseni amatani?"

"Amachita chuku. Ndani sadziwa zimenezo?"

"Ndiye mumawatani?"

"Kuwakung'untha n'kuwayanika pamphepo."

Amayi atangonena zimenezo anayang'ana pachifuwa panga, kenako pansi.

"Ndiye mukuti ndakhala ndikumupweteka mwana wanga?"

"Ndikuti manja anuwa ndikuwafuna," anatero Madamu. "Akamatsokomola amva kuwawa ndithu, sindikunamizani. Koma pali njira."

Anapinda nsalu ija kangapo mpaka inakhala ngati kapilo, n'kuiika panthiti zanga pafupi ndi bala, n'kutenga manja a amayi n'kuwasanjika pamwamba pake.

"Akafuna kutsokomola, kanikizani apa. Akamaliza, siyani. Nsalu yake ndi yomweyi, kungoti isamagone pathupi."

Ndinakoka mpweya, amayi anakanikiza, ndinatsokomola. Ndinaona nyenyezi masana. Koma zinatuluka zambiri, ndipo bala silinang'ambike. Manja a amayi ndi olimba, ndi manja ofinya mabulangete. Ankalira, koma sanasiye.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa Kondakitala anakhuthula mswachi ndi lumo zimene amasunga m'botolo lake. Kani nayenso anapatsidwa botolo chifukwa cha nthiti zakezo, koma analisandutsa kabati.

"Anesi, tithirireniko mafuta mu injini umu," anatero. Atamuthirira madzi, anamenya chitsulo cha bedi ndi supuni. "Okwera nonse! Basi ikunyamuka! Amene ali ndi botolo, injini ilire! Wotsala atsale!"

Anauzira yekha poyamba, mwaphokoso kwambiri, nkhope itakwinyika ndi ululu. Bambo a mtsikana uja anatulutsa lawo. Wina wa kumapeto kwa wodi nayenso. Ine ndinatenga langa. M'phokoso lonselo, langa silinamveke n'komwe.

Titamaliza Kondakitala anandiyandikira n'kunena motsitsa: "Mfana, pakamwa pangapa ndi pantchito. Usamatengere kumtima. Amayi ako aja asakaonenso chitseko cha ku fiyeta chija."

Sindikudziwa kuti anamva bwanji za bambo. Mwina amayi anauza mkazi wake m'khonde.

Basi yanyamuka kambirimbiri lero. Ndatopa ngati ndalima.

Lachinayi, 19 Juni

Thupi latenthanso. Atenga magazi. Asintha mankhwala a m'dilipi.

Ndauzira pang'ono pokha. Kondakitala anati wodwala salipira, ndikwere ulere.

Lachisanu, 20 Juni

Kutentha kwatsika. Zotuluka m'chubu zayamba kuyera, zikuoneka ngati tiyi wosalowerera.

Masana kunachitika zimene ndikufuna kuzilemba bwino. Atelala anali kuyembekezera mwana wawo wamkazi, amene anachedwa. Anayesa kudzuka okha kuti atenge kapu, mpweya n'kuwathawa. Anayamba kupuma mothamanga, pakamwa yasa, mapewa akukwera mpaka m'makutu, maso ali tong'o. Akamalimbana kwambiri m'pamene mpweya umakaniratu. Kondakitala anali m'tulo. Anesi anali kumapeto kwa wodi, atatipatsa msana.

Ndinakuwa. "Anesi! Thandizani kuno!"

Mawuwo ndinadabwa nawo ndekha. Kusukulu aphunzitsi amachita kundiuza kuti ndibwereze yankho chifukwa sanamve.

Anesi anayang'ana, n'kuthamangira kukatenga makina a mankhwala a nthunzi. Ine ndinatsitsa miyendo, n'kukokera chigubu changa pafupi, n'kukhala moyang'anizana ndi Atelala. Sindinadziwe chonena, ndiye ndinangonena za Madamu zija.

"Agogo, ndiyang'aneni ine. Tiziziritse tiyi. Watentha kwambiri, tiyeni timuuzire."

Ndinasongola milomo n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Poyamba sanathe. Anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Kenako milomo yawo inayamba kutsatira yanga. Mapewa anatsika pang'ono. Anesi anafika, n'kuwaveka chophimba pamphuno, nthunzi n'kuyamba kutuluka. Mankhwalawo ndi amene anawatsegula m'chifuwa, koma anesi anati ndinawagwirira bwino mantha mpaka iwo kufika.

Madzulo Atelala anandikodola ndi chala.

"Kani mawu uli nawo... Umawasungira ukwati?"

Ndinaseka, ndipo kuseka kunawawa, ndipo sindinadandaule.

Loweruka, 21 Juni

Madamu sagwira ntchito Loweruka, koma anadutsa atavala zakunyumba, akuti amapita kumsika. Anamva za dzulo. Anatiphunzitsa china, ine ndi Atelala, chimene akuti a yoga amachitcha kupuma kwa njuchi. Ukoke mpweya ndi mphuno, utseke milomo, ndiye potulutsa uzing'ung'uza motalika, mmmmm, mpaka umve mafupa a kumaso akunjenjemera.

"Sichipha tizilombo ichi," anatero. "Musakanene kuti Madamu amachiza chibayo ndi nyimbo. Koma mpweya ukamatuluka mochedwa, mtima umaleka kuthamanga. N'cha nthawi ya mantha."

Kondakitala sakanalola kutsala. Posakhalitsa wodi yonse inali mmmmm. Anesi aakulu anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti ndani waputa mng'oma.

Madamu atapita, Atelala anavula tepi m'khosi, koyamba kuona ine.

"Bwera kuno. Tulutsa wonse." Anazunguliza tepi pachifuwa panga, n'kutsina ndi chikhadabo pamene inakumana. "Tsopano koka."

Ndinakoka mpaka kumva kulasa. Tepi inatsetsereka pang'ono kwambiri. Anandionetsa mpata wake. Sunakwane ngakhale m'lifupi mwa chala.

"Wochepa," anatero. "Koma ulipo. Mawa ubwerenso... sitolo yanga siitseka."

Lolemba, 23 Juni

Ndayenda m'khonde nditanyamula chigubu changa ngati munthu wopita kukagula mafuta. Madamu anali pambali panga kundikumbutsa kuti chisakwere kupitirira chiuno. Tinafika pawindo lakumapeto. Kunja kuli dzuwa, azimayi ayanika zovala za odwala pa udzu.

Tsiku langa tsopano likuyenda chonchi: dilipi, phala, adokotala, botolo, kutsokomola nditadzikanikiza ndi nsalu, kuyenda, botolo, tepi ya Atelala, botolo, amayi. Amayi akafika safunsanso ngati ndagona phee. Amafunsa kuti ndauzira kangati, ndipo ndikayankha amatembenukira kwa Kondakitala kuti atsimikize.

"Mayi, ameneyu akutithera madzi m'chipatala muno," wawauza lero.

Tepi yatsetsereka chala chathunthu ndi kachidutswa. Atelala akuti malaya ayamba kuyenda mbali zonse ziwiri, ngakhale kumanzere kukutsalirabe. Madamu anaona akundiyeza, anati apitirize, iwonso amayeza choncho.

Ndinafunsa Madamu ngati zimenezi zikutanthauza kuti sindipita ku fiyeta. Anati sakudziwa. Akuti ena amachita zonse bwinobwino koma chikhungwa chija n'kukhala kuti chalimba kale, ndipo zikatero si mlandu wa munthu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Ndikanakonda akanandinamiza. Komanso ndikuthokoza kuti sanatero.

Lachiwiri, 24 Juni

Mawa ajambula. Chakudya chandikanika. Achemwali anabweretsa malalanje, ndawapatsa Atelala.

Tepi: zala ziwiri.

Lachitatu, 25 Juni

Anandikankha pa njinga ya odwala kupita kojambulira. Amayi anatsatira m'mbuyo atanyamula nsalu ija. Wojambula anati, "Koka mpweya wambiri, ugwire." Masiku apitawo mawu amenewa ankandiopsa. Lero ndinayambira pamimba, kenako nthiti, ndipo ndinamva mpweya ukufika malo ena pansi pa phewa amene ndinali nditawaiwala.

Potuluka ndinapeza amayi atakhala pa benchi, maso ali otseka, nsalu ili m'manja. Ankang'ung'uza motsitsa, mmmmm. Palibe anawaphunzitsa. Anangomva ife. Bambo wina amene anakhala pambali pawo anasunthira kutali pang'ono. Sindinawadzidzimutse, ndinadikira mpaka mpweya wawo utatha.

Adokotala anabwera masana. Anakweza zithunzi ziwiri pawindo, chakale ndi chatsopano. Anaziyang'ana nthawi yaitali moti ndinamva gudumu la kangolo likulira kuwodi ina. Nkhungu ija inali itatsikira pansi, yangotsala kakona.

"Latambasuka," anatero. "Silinafike penipeni, koma lotsalali litha ndi mankhwala ndi zimene ukuchitazo. Za fiyeta tiiwale. Chubu tichotsa mawa."

Amayi anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kuphimba nkhope ndi nsalu.

"Mayi, dzukani," anatero Kondakitala. "M'basi muno sitilola okhala pansi, apolisi angatigwire."

Atelala anangokweza tepi m'mwamba.

Lachinayi, 26 Juni

Achotsa chubu.

Adokotala anafotokoza kaye. Akuti pochikoka, mpweya wakunja usalowere pabalapo, choncho ndikoke mpweya wambiri kenako ndizing'ung'uza osaleka mpaka iwo atanena. Anafunsa ngati ndingathe.

"Ameneyo ndi mfumu ya njuchi, adokotala," anayankha Kondakitala kuseri kwa katani.

Anesi anadula ulusi. Ndinakoka mpweya n'kuyamba, mmmmm, koma mawu anatuluka aang'ono, odukaduka. Ndiye ndinamva kumanja wina akuyamba, mokweza ndiponso mosakoma. Kumanzere mawu opyapyala a Atelala. Kenako bedi lakutsogolo, kenako kumapeto, kenako amayi pamutu panga. Ndinatsamira pa phokoso limenelo ngati pa khoma. Ndinamva chinthu chotentha chikutsetsereka pakati pa nthiti, anesi n'kumanga ulusi, n'kumata.

"Basi, wamaliza. Puma."

Wodi inapitirizabe kulira chifukwa kuseri kwa katani sankaona kuti zatha. Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi.

Madzulo ndinapita kukathokoza Madamu m'kachipinda kawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma nditafika anathawa onse. Ndinangoti zikomo. Anati botolo ndipite nalo, ndipitirize kunyumba mpaka tsiku lodzaonedwanso, ndipo ndikadzayambanso kutsokomola ndisadzauze pilo, ndidzauze amayi.

Loweruka, 28 Juni

Ndikulemba ndili pa bedi langa, kunyumba. Mankhwala akumwa andipatsa a masabata angapo. Botolo lili pawindo. Ndauzira kale, ndipo ana a nyumba yoyandikana nayo abwera kudzasuzumira kuti chikulira n'chiyani. Ndawaonetsa.

Kondakitala anatuluka dzulo pa ndodo ziwiri, mkazi wake atanyamula mapoto. Anati ndikadzakwera basi yake ndidzalipire ngati wina aliyense, chibale chathera m'wodi.

Bambo a mtsikana uja atsala, koma akupeza bwino.

Atelala anatengedwa ndi mwana wawo dzulo lomwelo, pamodzi ndi makina a okosijeni. Adokotala anati mapapo awo sangabwererenso, ndiye kuli bwino azikapumira kwawo, pakhonde pawo. Asanapite anandiyeza komaliza, m'chifuwa, m'mapewa ndi m'mikono. Akuti akapeza mphamvu andisokera malaya, ndipo awasiyira mpata m'chifuwa. Sindikudziwa ngati adzathe. Ndawauza mtundu umene ndimakonda.

Ife tinatuluka m'mawa uno. Achemwali anatsala kunyumba kukonza m'chipinda, ndiye amayi anabwera okha kudzanditenga. Jumbo ya katundu ndinanyamula ndine, nsapato zanga zili kumapazi. Titafika pakhomo amayi anaima, kiyi ali m'manja, osatsegula. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Tinapita awiri," anatero. "Tabwera awiri."

Nsalu yobiriwira ija aichapa. Ili pachingwe panja, mphepo ikuikupiza.